Musanalipire boti lothamanga la ku Joni, yambirani kumbuyo kwake

Ndimakonza mainjini a maboti m'mbali mwa mtsinje wa Vaal, kufupi ndi Vanderbijlpark. Anthu akwathu ku Mangochi amadziwa zimenezi, choncho zithunzi za maboti sizitha pa foni yanga. Wina waliona pa Facebook kapena pa Gumtree, lonyezimira, chiinjini chili tcha kumbuyo, ndiye n'kundifunsa kuti, "Achimwene, mtengowu uli bwino?" Funso limeneli silingayankhidwe pa chithunzi. Chomwe ndingachite n'kufotokoza mmene tinapezera mtengo wa boti lomwe ndinagulira alamu anga, omwe ali ndi kaloji kawo m'mbali mwa nyanja, kuti ofuna kugula aone malo omwe ndalama zimabisala.

Alamuwo ankafuna boti lokoka alendo pa ski ndi pa chubu, lothanso kuthamangira nawo ku zilumba n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Lomwe anapeza linali la faiba, lotalika mamita 6 ndi pang'ono, injini ya Yamaha ya 200 hp ya four-stroke, pa thirela ya matayala anayi. Mwiniwake ankafuna R265,000. Iwo mtima unali utapita kale chifukwa cha mipando yatsopano, masipika akuluakulu ndi timagetsi tabuluu tounikira pansi pa madzi.

"Alamu, munthuyo akuti maola ake ndi ochepa. Tisachedwe, ena angatilande."

"Dekhani alamu, ndikalione kaye. Mipando sithamanga."

Choyamba kudziwa n'chakuti mitengo yomwe mumaona pa intaneti ndi yomwe ogulitsa akulakalaka, si yomwe ogula analipira. Boti lamtengo wabwino silikhalitsa, limachoka pa tsamba msanga. Lomwe mumalipeza mwezi ndi mwezi, zithunzi zomwezomwezo, ndi lomwe anthu alikana. Mukawerengera pa otsalawo mudzaganiza kuti msika uli pamwamba kuposa mmene ulili. Ine ndinayang'ana maboti ofanana kukula ndi injini omwe anali atachotsedwa posachedwa, ndinafunsanso ogulitsa maboti awiri omwe ndimadziwana nawo kuti boti lotere angalitenge pa zingati ndipo angaligulitse pa zingati. Nthawi imeneyo yankho linkazungulira pa R250,000 ngati zonse zili bwinobwino. Apa ndi pomwe tinayambira, osati pa R265,000. Nyengo nayonso imalankhula: kuno mitengo ya maboti imakwera kuyambira Okutobala mpaka tchuthi cha Disembala, koma ikafika Juni ndi Julayi, kuzizira kutavuta, ogulitsa amafewa mtima.

Boti lothamanga ndimaliona ngati katundu wa mitundu itatu yomwe yangomangidwa pamodzi, injini, thupi ndi thirela. Pa boti la msinkhu uwu injini ndi yomwe imadya ndalama zoposa theka. Ndiye nthawi yanga yambiri inathera kumbuyo.

Ndinapempha mwiniwake kuti asailize ndisanafike, ndipo nditafika ndinavula chipewa cha injini n'kuigwira ndi dzanja. Injini yomwe aitenthetseratu imabisa zambiri, kuvuta kulira, utsi, ngakhale kugogoda kwa masekondi oyambirira. Iyi inali yozizira ndipo inalira kamodzin'kamodzi. Kenako ndinalumikiza laputopu. Mainjini amakono ali ndi kakompyuta kawo komwe kamasunga mbiri yonse. A Yamaha timawawerenga ndi pulogalamu ya pa laputopu yotchedwa YDIS, a Mercury ndi CDS G3, a Suzuki ndi SDS. Kawotchi ka pa dashibodi kankaonetsa maola 310. Kakompyuta ka injini kanati 470. Mwiniwake anafotokoza kuti kawotchiko kanafa n'kuikapo kena, ndipo ine ndinamukhulupirira, zimachitika. Komabe mtengo umatsata 470, osati 310.

Nambala ya maola payokha siinena zambiri. Chofunika ndi tsamba lomwe limagawa maolawo potengera ma rpm, kuchuluka kwa maulendo omwe injini imazungulira pa mphindi imodzi, chifukwa ndi lomwe limakuuzani khalidwe la munthu yemwe ankaligwira chiwongolero. Boti la banja, loyenda Loweruka ndi Lamlungu, maola ake ambiri amakhala pansi ndi pakatikati, ndipo a pamwamba pa 5,000 rpm amakhala ochepa kwambiri. Apa panali maola oposa 60 pamwamba pa 5,000, kusonyeza kuti mkuluyu ankakonda kuponda. Injini imeneyi inapangidwa kuti izitha kuthamanga pakati pa 5,000 ndi 6,000, ndiye si mlandu, koma ola la pamenepo silifanana ndi ola loyandama uku mukuwedza. Kakompyutako kamawerenganso kuti injini inatenthapo mopitirira kangati, inapitirirapo malire a ma rpm kangati, ndiponso ngati mphamvu ya oyilo inatsikapo. Kutentha kunalembedwa kamodzi kokha. Kukanakhala kambirimbiri ndikanatseka laputopu n'kutsanzika.

Palinso msampha wina wa mbali inayo. Injini ya zaka khumi yokhala ndi maola 80 anthu amaithamangira, koma injini yongokhala imadwala. Petulo amauma m'ma injector, impela ya madzi imauma n'kuthetheka, masili amalimba. Ndimasankha ya maola 500 yokhala ndi malisiti a sevisi ya chaka ndi chaka kusiyana ndi ya maola 80 yopanda pepala lililonse.

Ndinamasula mapulagi n'kuyeza compression, mphamvu yomwe silinda iliyonse imapanikizira mpweya. Masilinda onse anayi anali pafupipafupi, ndipo chomwe timayang'ana n'chakuti asasiyane kuposa 10 peresenti. Apa injini inakhoza. Pomwe inagwa ndi pa giyabokosi. Nditamasula kaskuluwu ka pansi, oyilo anatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, kutanthauza kuti madzi akulowa. Kaskuluwu kameneka kali ndi maginito kunsonga kwake. Mukapezapo phala lakuda losalala, palibe vuto, ndi kutha kwa masiku onse. Mukapezapo tizidutswa tachitsulo tolasa chala, magiya ayamba kudyana ndipo ndalama zake si zamasewera. Panali phala lokha. Nditachotsa pulopela ndinapeza chingwe cha mbedza chitazengerezana pa shafuti mpaka kudya sili. Ndinazungulitsanso shafutiyo ndi dzanja kuti ndione ngati ikugwedera, n'kuyang'ana chipsepse cha pansi pa injini ngati chinawotcheredwapo, chifukwa chipsepse chowotcherera chimanena za mwala womwe mwiniwake sakuutchula.

Ku Gauteng wogulitsa aliyense amalemba kuti boti lake silinalawepo madzi amchere. Ena amanena zoona, ena boti linakulira ku Durban n'kudzakwera kuno litakalamba. Mchere subisika. Umasiya ufa woyera pa mabawuti a injini, utoto umatukusira pomwe aluminiyamu wakumana ndi chitsulo, ndipo thirela imachita dzimbiri kuyambira mkati. Pa maboti a injini ya mkati, aja a V8 a MerCruiser, mchere umadya mapaipi otulutsa utsi mpaka madzi kulowa m'masilinda, ndiye pamenepo funsani kuti anasinthidwa liti, mufunsenso za mphira zolumikiza injini ndi mwendo wake, chifukwa zikang'ambika boti limatha kumira lili pa doko. Lathuli linali loyera, mchere silinkaudziwa.

Kuchoka pa injini ndinapita pa transom, khoma la kumbuyo lomwe injini imamangiriridwapo. Pa maboti ambiri khomali mkati mwake ndi pulayiwudi yokutidwa ndi faiba. Madzi akalowera pa bawuti kapena pa kaskuluwu, thabwalo limavunda mwakachetechete, kunja kukuwalabe. Pa boti lothamanga khomali limasenza makilogalamu oposa 200 a injini uku likumenyedwa ndi mafunde, choncho likafooka palibe chotsala. Kuyeza kwake n'kosavuta. Kwezani injini, imani pa mwendo wake, muzidzigwedeza uku mnzanu akuyang'ana khomalo. Boti lonse ndi thirela zizigwedezeka pamodzi, koma khoma lisapindike ngakhale pang'ono. Kenako gogodani ndi chigwiriro cha sikuludiraiva kuyambira pamwamba mpaka pansi. Polimba pamamveka kho kho kho, povunda pamamveka du du du. Ndinapemphanso kumasula kaskuluwu kamodzi ka pansi penipeni kuti ndione ngati mutuluke madzi abulauni. Munali mouma.

Vuto linali pa fulo. Nditaponda pakona ya kumbuyo, kumanja, phazi linamira pang'ono. Pansi pa fulo pamakhala thovu lomwe limachititsa kuti boti lisamire likadzadza madzi, ndipo thovu limeneli likanyowa siliumanso. Ndinanyengerera mwiniwake kuti tidutse nalo pa sikelo ya magalimoto, ndipo titachotsera kulemera kwa thirela ndi petulo, boti linapezeka lolemera kuposa mmene linayenera kukhalira. Kulemera kumeneko ndi madzi omwe mudzakhala mukuwanyamula ulendo uliwonse, mukulipira petulo. Ndinagonekanso chitsulo chowongoka pansi pa thupi, pa mita imodzi ndi theka yomalizira. Boti lomwe lakhala zaka pa thirela yosalichirikiza bwino limapindika pamenepo, ndipo likamathamanga limayenda chozyolika kapena modumphadumpha. Apa panali powongoka.

Osagula boti lothamanga musanaliike m'madzi. Kuliza injini pa payipi ya madzi pabwalo kumangosonyeza kuti imalira. Tinalowa mu Vaal anthu awiri, thanki ili theka, ndipo ndinaponda mpaka kumapeto. Injini inafika 5,900 rpm, GPS ya pa foni inati 74 km pa ola. Kawotchi ka liwiro ka pa boti kankanena zoposa pamenepo, monga mwa chizolowezi chake. Injini yomwe ikulephera kufika pa ma rpm omwe opanga ananena, mwina pulopela ndi yolakwika, mwina thupi ladzadza madzi, mwina injiniyo yatopa, ndipo musalipire musanadziwe kuti mwa zitatuzi ndi chiti.

Tsono pali nkhani yomwe ogula akwathu ambiri saiganizira. Vaal ili pamtunda woposa mamita 1,400 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475. Injini yopanda turbo kapena supercharger imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse okwera chifukwa mpweya umapepuka. Ikatsika kupita kwathu mphamvu ija imabwerera, pafupifupi 10 peresenti. Zimenezi n'zokoma, koma pulopela yomwe anasankhira kuno imakhala yopepuka kwathu, ndipo injini yomwe ikufika kale 5,900 idzapitirira malire. Inchi imodzi ya pitch, kupendekeka kwa masamba a pulopela, imasintha ma rpm pakati pa 150 ndi 200, choncho ndinadziwiratu kuti tidzafunika pulopela ina, ndipo ya stainless si yotchipa.

Apa ndi pomwe ndinajambula mzere pakati pa pepala. Kumanzere ndinalemba zolakwika za botilo, zomwe wogula aliyense angazipeze, ndipo zimenezi ndi zochotsa pa mtengo wa mwiniwake. Kumanja ndinalemba ndalama zomwe zikubwera chifukwa choti ife tikupita nalo ku Malawi. Zimenezo mwiniwake sizimukhudza, simungamuuze kuti atsitse chifukwa kwanu n'kutali. Koma ndi zomwe zimakuuzani pothera mphamvu zanu.

Kumanjako kunadzadza msanga. Pulopela. Mapaipi a petulo atsopano ndi sefa yolekanitsa madzi, chifukwa petulo wa kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amafewetsa mapaipi akale komanso amakoka chinyezi m'thanki. Ulendo wa makilomita pafupifupi 1,700 kukafika ku Blantyre, kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, kenako msewu wa ku Mangochi. Msonkho wa MRA, womwe ndinauza alamu kuti akaufunsiretu kwa kiliyaring'i ejenti tisanapereke ndi randi imodzi yomwe. Kulembetsa botilo ku dipatimenti yoona za maulendo a panyanja. Ndiponso kusowa kwa ndalama zakunja, komwe kumachititsa kuti randi iliyonse ipweteke kawiri. Nditawauza za petulo, kuti injini ya 200 hp ikamapondedwa mpaka pansi imamwa malita pafupifupi 70 pa ola, ndipo ngakhale poyenda mwaulemu simungatsike kwenikweni pansi pa malita 25, foni inakhala zii kwa kanthawi.

"Mulipo alamu?"

"Ndilipo. Ndikuwerengera zigubu."

Pa nyanja yathu pali chinanso chomwe chimasintha mtengo, mwera. Maboti ambiri othamanga a kuno anapangidwira madzi ogona a m'madamu. Alipo aja owedzera nsomba za bass, afupi m'mbali, ophwatalala pansi, omwe amapitirira 100 km pa ola, ndipo nthawi zina amapezeka pa mtengo wokopa. Pa Vaal kapena pa Hartbeespoort ndi mfumu. Koma kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera ukakwiya, boti lotere limamenya mafunde mpaka alendo kulira misana, madzi n'kumalowera kutsogolo. Kwa ife boti limenelo ngakhale litatsika mtengo bwanji ndi lodula, chifukwa theka la chaka lidzakhala pamchenga. Lomwe tinkaonali pansi pake panali posongoka bwino, V wake wa madigiri pafupifupi 20 kumbuyo, m'mbali mwake mwakuya. Ichi ndi chomwe chinandichititsa kupitiriza kukambirana ngakhale fulo inali yofewa.

Dzina la injini nalonso liganizireni ndi maso a ku Mangochi, osati a ku Johannesburg. Kampani yopanga Evinrude inasiya kupanga mainjiniwa mu 2020, choncho maboti okhala ndi mainjini ake a E-TEC amaoneka otchipa, ndipo ambiri akuyendabe bwino, koma dzifunseni kuti sipeya mudzamupeza kuti. Amakaniko a m'madoko akwathu Yamaha Enduro ya 15, 25 kapena 40 amaidziwa ndi khutu lokha, angaiphwasule pamchenga n'kuibwezeretsa dzuwa lisanalowe. Injini ya 200 hp ya kompyuta ndi nkhani ina, imafuna laputopu ndi chingwe chake. Musanagule, dziwani dzina la munthu yemwe adzaikonze.

Thirela anthu amaiiwala, chonsecho ndi yomwe isenze katunduyo kudutsa mayiko atatu. Pa tayala lililonse pali manambala anayi onena sabata ndi chaka chomwe linapangidwa. Awa anali a 2016, mapazi ake akuonekabe atsopano koma m'mbali muli ming'alu. Nditakweza ndi jeke n'kuzungulitsa, mabering'i awiri ankalira. Za mapepala ndinaonetsetsa kuti nambala ya injini ikufanana ndi ya pa lisiti logulira, kuti thirela inalembetsedwa m'dzina la munthuyo, kuti botilo lilibe ngongole ku banki, ndiponso kuti Certificate of Fitness (chikalata choti boti ndi loyenera kulowa m'madzi) ndi chikalata cha buoyancy (choti silingamire likadzadza madzi), zomwe malamulo a SAMSA, bungwe loona za chitetezo cha pamadzi kuno, amafuna, zilipo. Thirela yopanda mapepala siidutsa pa Beitbridge, ndipo mainjini akuba ndi ambiri kuno, choncho nambala yofufutidwa kapena yomatidwa mwachilendo ndi chifukwa chokwanira chobwerera.

Pokambirana sindinapite ndi mawu apakamwa. Ngakhale ndine makaniko, ndinatenga makotesheni olembedwa kuchokera kwa ena kuti asanene kuti ndikudzikometsera. Masili ndi oyilo wa giyabokosi, R4,500. Sevisi yonse pamodzi ndi impela, R7,000. Kudula fulo, kuchotsa thovu lonyowa n'kutsekanso, R18,000. Matayala ndi mabering'i, R8,000. Pa maola 160 omwe kawotchi sikankaonetsa ndinachotsa R15,000. Kuchoka pa R250,000 tinatsikira pa R197,500, ndipo ndinamuuza kuti ndingapereke R200,000.

Mkuluyo anafiira. Anati masipika, timagetsi ndi mipando yokha anaonongerapo ndalama zoposa R40,000. Ndinamuyankha mwaulemu kuti mipando ndaiona ndipo ndi yabwino, koma masipika ndi timagetsi akhoza kuchotsa n'kusunga, mtengo wanga susintha. Zokongoletsa zimasangalatsa yemwe anaziika, wogula wachiwiri sazilipira. Pa maboti othamanga zina zowonjezera zimatsitsa ndithu mtengo. Injini yomwe anaiseweretsa kakompyuta kuti iwonjezere mphamvu, kapena injini yaikulu kuposa yomwe kachitsulo ka opanga thupi kakuloleza, ine ndimaiwerengera pansi, chifukwa transom yavutika kale ndipo a inshuwalansi amatha kukana kulipira.

Anakana, ine ndinasiya nambala yanga n'kunyamuka. Alamu sanagone nazo bwino, mauthenga ankangobwera. Ndinawauza kuti pepala lathu lili ndi malire, R215,000, ndipo kupitirira apo ndi bwino tiyang'ane lina. Kuzizira kutalowa mkuluyo anaimba yekha. Tinagwirizana R212,000, iye n'kuwonjezerapo majekete opulumutsira moyo, nangula ndi chinsalu chophimbira. Masipika anawasiya.

Ngati mulibe m'bale wodziwa mainjini, lipirani makaniko wosadziwana ndi wogulitsa kuti achite zomwe ndafotokozazi, akupatseni pepala la kompyuta, manambala a compression ndi zithunzi za oyilo wa giyabokosi. Ndalama yake siifika ngakhale pa mtengo wa pulopela imodzi. Wogulitsa wokana laputopu, wokana kumasula kaskuluwu ka oyilo, kapena wokana kupita kumadzi, musalimbane naye, ingopitani.

Fulo tinakonzera konkuno lisananyamuke, chifukwa faiba ndi thovu n'zosavuta kupeza kuno kusiyana ndi kwathu. Litafika panyanja, pulopela yakale ya pitch 17 inapitiriradi 6,000 rpm. Titaika ya 19, injini inakhazikika pa 5,750 ndipo GPS inaonetsa 80 km pa ola madzi atagona. Ya 17 ija alamu amaibwezerapo masiku omwe boti ladzadza alendo kapena likukoka anthu awiri pa ski.